Owulutsa kiriketi ya Test atiuze zimene kamera sikuonetsa

A Mkonzi,

Mundilole ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa za mmene kiriketi ya Test, masewero a pakati pa maiko otenga masiku asanu, ikuwulutsidwira pa kanema masiku ano. Kumbali ya zithunzi palibe chodandaula. Makamera alipo ambirimbiri, ena amachedwetsa mpira mpaka msoko wake kuoneka bwinobwino uli m'malere, ena anabisidwa m'kati mwa ma stump, timitengo titatu timene womenya amateteza. Koma mawu operekeza zithunzizo ndiye abwerera m'mbuyo. Nthawi zambiri timamva anthu atatu akulandana mawu, kutiuza zimene maso athu aona kale, pomwe zimene kamera singathe kuonetsa palibe amene akuzitchula. Chonsecho kiriketi ya Test yagona pa zosaonekazo.

Kukula kwa ntchitoyi kumaoneka tikawerengera nthawi. Tsiku limodzi la Test lili ndi maola 6 osewera, ogawidwa patatu, maola awiriawiri, ndipo payenera kuponyedwa ma over osachepera 90. Over iliyonse ili ndi mipira 6, kutanthauza mipira 540 pa tsiku. Tikagawa maola 6 aja ndi mipira 540, mpira uliwonse ukutenga masekondi 40. Koma mpira woponyedwa pa liwiro la makilomita 140 pa ola umangotenga pafupifupi theka la sekondi kuchoka m'dzanja la woponya kukafika pa womenya, popeza pitch yonse, kanjira ka pakati pa bwalo kamene mpira umaponyedwapo, ndi mamita 20 okha ndi pang'ono. Onjezanipo kuthamanga kwa woponya ndi kutoledwa kwa mpira, mupezabe kuti mbali yaikulu ya masekondi 40 aja mpira suli m'masewero. Woponya akubwerera pamalo pake, kaputeni akusuntha munthu, womenya akusalaza pitch ndi bat, thabwa lake lomenyera. Mpata umenewu ndi umene wowulutsa amalipiridwira, ndipo umabwera ka 540 pa tsiku kwa masiku asanu.

Kuwulutsa pa wailesi ndi pa kanema ndi ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale ambiri amazisakaniza. Wa pa wailesi, monga a pulogalamu ya Test Match Special imene BBC inayamba mu 1957, sangakhale chete. Ayenera kunena kuti woponya wanyamuka, mpira wagwera pati, wamenyedwera kuti, chifukwa womvera alibe kwina koonera. Wa pa kanema akachita zomwezo ndiye kuti akungobwereza. Richie Benaud, kaputeni wakale wa Australia amene anawulutsa kwa zaka zoposa 40 ku BBC, Channel 4 ndi Channel Nine, ankatsatira lamulo lake lodziwika bwino lakuti munthu alankhule pokhapokha ngati ali ndi chowonjezera pa chithunzi. Ankatha kukhala duu mipira iwiri kapena itatu, n'chifukwa chake akatsegula pakamwa anthu ankatchera khutu. Ndipo sanalowe m'chipinda chowulutsira chifukwa cha ma wicket 248 amene anatenga (omenya amene anawatulutsa) basi. Anagwira utolankhani wa nyuzipepala akusewerabe, ndipo mu 1956 anachita maphunziro a za kanema ku BBC.

Mpira umodzi uli ndi kayendedwe kake, ndipo mawu ayenera kulowa m'mipata yake. Woponya akangoyamba kuthamanga, m'chipindamo mukhale zii. Owonera akufuna amve phokoso la bwalo likukwera ndi kulira kwa bat, chifukwa khutu lozolowera limasiyanitsa mpira womenyedwa pakati pa bat ndi wongokhudza m'mphepete. Mpira ukaseweredwa, wotsogolera mawu anene zochepa: dzina la amene wautola, ngati ali patali moti nkhope sikuoneka, ndi ma run (mapointi) amene apezeka. Kenako director, amene amasankha chithunzi chopita kwa owonera ndipo amalankhula m'makutu mwa owulutsa, amaubweretsanso mpira uja mochedwetsa. Imeneyo ndi nthawi ya katswiri, ndipo mawu ake akwane m'kati mwa chithunzicho: phazi lakutsogolo silinafike pomwe mpira wagwera, mutu wapendekera kumbali, mkono wa woponya watsika. Chithunzi chikatha, iyenso athe. Yotsala ndi nthawi imene woponya akubwerera pamalo pake, yotalikirapo kwa oponya mothamanga koma yaifupi zedi kwa a spin, oponya mozunguza mpira, makamaka ofulumira ngati Ravindra Jadeja. Pamenepo pamakwana mfundo imodzi, osati ziwiri. Nkhani yaitali idulidwe zidutswazidutswa, chidutswa chimodzi pakati pa mipira iwiri.

Chimene chimalakwika n'chodziwika. Wina amayamba nkhani ya ulendo wake wa zaka 30 zapitazo, woponya n'kutembenuka, iye osasiya, wicket n'kugwa chiganizo chili pakati. Mnzake amakakamizika kumudula mofuula, ndipo kachidutswa ka kanema kamene kadzaonetsedwe kwa zaka zambiri kamatsala ndi mawu osagwirizana ndi chochitikacho. Anthu akakhala atatu pa maikolofoni vutoli limakula, chifukwa aliyense amafuna amveke, ndipo wachitatu kawirikawiri amangovomereza zimene wachiwiri wanena. Channel Nine ya ku Australia ndi imene inasintha kaonetsedwe ka kiriketi m'nthawi ya mwini wake Kerry Packer, kuyambira 1977, poika makamera mbali zonse ziwiri za pitch. Koma m'zaka zake zomaliza, isanataye ufulu wowulutsa masewero a m'dzikomo mu 2018, inkadzudzulidwa kwambiri chifukwa cha macheza a anthu odziwana okhaokha amene ankaiwalitsa masewero.

Chosowa chachikulu kuposa zonse ndi kaimidwe ka osewera m'bwalo. Timu yoponya ili ndi anthu 11. Chotsanipo woponya ndi wicketkeeper, wogwira mpira kumbuyo kwa ma stump, atsala 9 amene kaputeni amawaika pomwe akufuna. Kamera yaikulu imakhala kumbuyo kwa woponya, ndipo imaonetsa womenya, wicketkeeper, mwina ndi awiri a ku slip, oima pambali pa wicketkeeper. Ena onse saoneka. Koma zimene kaputeni akuganiza zimadziwika ndi pomwe waimika anthu osaonekawo, ndipo munthu amene ali kunyumba sangazidziwe ngati wowulutsa sanamuuze.

Tiyerekeze kuti mpira ndi watsopano, ku slip kuli anthu atatu, wina ali ku gully pafupi nawo, ndipo ku cover, cham'mbali kutsogolo kwa womenya, kwasiyidwa popanda munthu. Umenewo ndi msampha. Womenya akuitanidwa kuti atambasule manja n'kumenya mpira wogwera patsogolo kudutsa pampatapo, pomwe mpirawo ukukhotera kunja, ndipo ukangokhudza m'mphepete mwa bat upita kwa anthu anayi aja. Womenya akapeza ma run 4 pamenepo, wowulutsa amene sakuyang'ana bwalo amafuula kuti woponya walakwitsa, pomwe kaputeni akuwomba m'manja chifukwa n'zimene amafuna. Mipira itatu kutsogoloku wicket ikagwa, wowonera amaona ngati ndi mwayi chabe, osadziwa kuti inakonzedwa kwa theka la ola.

N'chimodzimodzi kaputeni akatumiza anthu awiri kumalire kumbali ya miyendo, wina n'kumuika pafupi kwenikweni ndi womenya atavala chisoti. Kukubwera mipira yolunjika m'thupi. Apa pali malamulo awiri oti atchulidwe: kumbali ya miyendo, kumbuyo kwa mzere umene womenya waimapo, sikuloledwa anthu oposa awiri kupatula wicketkeeper, ndipo mipira yodumpha kupitirira phewa imaloledwa iwiri yokha pa over. Neil Wagner wa ku New Zealand anapanga dzina pogwira ntchito m'kati mwa malamulo amenewa, kuponya mipira ya m'nthiti ndi m'khwapa imene siwerengedwa kuti yapitirira phewa, over ndi over osatopa. Ku Wellington mu 2023, pamene New Zealand inagonjetsa England ndi run imodzi yokha, Joe Root ndi Ben Stokes onse anagwidwa ndi mipira yake yaifupi. Wowonera amene sanauzidwe pomwe ogwira mpira aima amangoona munthu akumenyera m'malere mosasamala. Ndipo nthawi zina kaimidwe konseko kamakhala konamiza: womenya akudikira mpira wa kumutu, thupi lili m'mbuyo, woponya n'kubweretsa wa kumapazi. Kukoma kwa mpira umenewo kumamveka kwa yekhayo amene anauzidwa kale kuti anthu asunthidwa.

Mankhwala ake si ovuta. Over iliyonse ikamayamba, chiganizo chimodzi chinene mmene bwalo laimira, ndipo munthu akasunthidwa pakati pa over zinenedwe nthawi yomweyo, woponya asananyamuke. Director apereke chithunzi cha bwalo lonse kwa masekondi angapo. Ena amaika kamapu ka kaimidweka pakona, koma kamangothwanima n'kuchoka. Pamene zimavuta kwambiri ndi pamene owulutsa sali kubwaloko. Kuyambira m'nthawi ya mliri wa 2020 chizolowezi chowulutsira mu situdiyo, anthu ali dziko lina, chinakula chifukwa n'chotchipa. Munthu wotereyu akuona chithunzi chomwe ife tikuona. Sangaone kuti woponya wina wayamba kudziwongola kumalire kukonzekera kulowa, kuti mitambo ikusonkhana kuseri kwa bwalo, kapena kuti mphepo yatembenuka. Pakhale mmodzi yekha kubwaloko, zinthu zisintha kwambiri.

Chachiwiri chimene kamera singanene ndi msinkhu wa mpira. Mpira wa Test si umodzi padziko lonse. Ku England ndi ku West Indies amasewera ndi Dukes, ku India ndi SG, ndipo ku Australia, South Africa, New Zealand ndi maiko ena angapo ndi Kookaburra. Dukes ili ndi msoko wotukuka ndipo imapitiriza kukhota kwa nthawi yaitali. Kookaburra msoko wake umaphwa msanga, mpira n'kufewa, moti timu imene yapirira ma over 20 kapena 25 oyambirira yadutsa gawo lovuta. Wowonera akauzidwa zimenezi amamvetsa chifukwa chake womenya woyamba akusiya mipira yambiri kudutsa osaikhudza, ndipo saona ngati ndi mantha. Owulutsa ena amasakanizanso zinthu ziwiri zosiyana: mpira wokhota uli m'malere, umene ndi swing, ndi mpira wopatuka utagunda pansi chifukwa wagwera pa msoko. Woyambawo womenya angathe kuuona ukukhota n'kusintha kamenyedwe. Wachiwiriwo umapatuka mochedwa moti palibe chimene angachite, ndipo kumuimba mlandu pa mpira wotere n'kumulakwira.

Mpira ukakalamba, mbali imodzi yosalala inayo yokhakhala, umayamba kukhotera mbali yonyezimira, mosiyana ndi mmene umachitira uli watsopano. Luso limeneli analitchukitsa ndi a ku Pakistan, Sarfraz Nawaz ndi Imran Khan, kenako Wasim Akram ndi Waqar Younis. Zizindikiro zake zimaoneka kwa amene akuyang'ana: woponya amabisa mpira ndi dzanja linalo akamathamanga kuti womenya asaone mbali yonyezimira, a ku slip amachepa, ndipo mipira imalunjika m'ma stump ndi kumapazi. Kuyambira 2020 malovu analetsedwa popukuta mpira, kwatsala thukuta lokha, ndipo izi zinasintha kasamalidwe kake. Ma over 80 akakwana, kaputeni ali ndi ufulu wotenga mpira watsopano. N'chifukwa chake cha m'ma over 70 mumaona akatswiri othamanga akupumitsidwa, munthu wosazolowera kuponya n'kupatsidwa mpira. Wowulutsa azitiwerengera kuti kwatsala ma over angati, atiuzenso kuti omenya akufulumira tsopano chifukwa akudziwa chimene chikubwera.

Pitch nayo sikhala chimodzimodzi masiku asanu. Woponya wa dzanja lamanja akamaliza kuponya, mapazi ake amakumba malo amodzimodzi, ndipo mbali zikasinthana malowo amakhala kunja kwa off stump (stump ya kutali ndi miyendo) ya womenya wamanzere. Wa dzanja lamanzere ngati Mitchell Starc amakumba mbali inayo, kunja kwa off stump ya womenya wamanja, pomwe mnzake wa spin wa ku Australia, Nathan Lyon, amafuna kugwetsera mpira wake. Choncho pa tsiku loyamba lomwe wowulutsa wodziwa angathe kuloza kamera pamalopo n'kutiuza kuti tidzayang'anepo tsiku lachinayi. Palinso nkhani ya roller, chigudumu chopsinjira pitch, imene sitimaimva kawirikawiri. Kaputeni wa timu yomenya ali ndi ufulu wopempha kuti pitch ipsinjidwe kwa mphindi zosapitirira 7 m'mawa uliwonse kuyambira tsiku lachiwiri, ndiponso innings yake (nthawi yake yomenya) isanayambe, kupatula yoyamba ya masewero, ndipo amasankha yolemera kapena yopepuka. Yolemera imagonetsa pitch kwa kanthawi, koma ingathenso kukulitsa ming'alu. Ma wicket akayamba kugwa patatha ola limodzi m'mawa, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti mphamvu ya roller yatha. Mabwalo enanso ali ndi khalidwe lawolawo. La Lord's ku London n'lopendekera ndi mamita awiri ndi theka kuchoka mbali ina kukafika inayo, ndipo mpira womwewo umachita zosiyana malingana ndi mbali imene ukuponyedwera. Ku Cape Town mu Januwale 2024, South Africa ndi India zinamaliza Test yonse ndi mipira 642 yokha, ma wicket 23 n'kugwa tsiku loyamba. Tsiku lotere silifuna kudabwa mofuula pa wicket iliyonse. Limafuna zithunzi ziwiri zoikidwa pamodzi, mipira iwiri yogwera pamalo amodzi, wina wodumpha kufika pachifuwa wina wotsika, kuti anthu aone okha chimene omenya akulimbana nacho.

Mayeso enieni a wowulutsa ndi pamene ma run sakubwera. Ku Adelaide mu 2012, South Africa inayamba tsiku lomaliza itataya kale ma wicket 4, yopanda chiyembekezo chopambana, yongofuna kupirira kuti masewero athe molepherana. AB de Villiers, munthu wodziwika ndi kumenya mwaukali, anapeza ma run 33 pa mipira 220. Faf du Plessis, pa Test yake yoyamba, anapirira mipira 376 n'kutsala osatuluka ndi 110. Australia inali yoperewera woponya mmodzi chifukwa James Pattinson anavulala, ndipo Peter Siddle anaponya mpaka kutheratu mphamvu. Pa tsiku ngati limeneli, wowulutsa amene amadandaula kuti palibe chikuchitika wasonyeza kuti sakumvetsa chimene akuonera. Zofunika kunena n'zambiri: kwatsala ma over angati, ndani watsala kuti amenye, woponya aliyense waponya ma over angati ndipo liwiro lake latsika bwanji, n'chifukwa chiyani anthu azungulira bat, n'chifukwa chiyani womenya wakana run yopezeka kuti mnzake wofooka asakumane ndi woponya woopsa. Mpira wotchingidwa bwino uli ndi tanthauzo, koma wina ayenera kulitchula.

Vuto lina linabwera ndi kiriketi ya T20, ya ma over 20 timu iliyonse, makamaka mpikisano wa IPL wa ku India utayamba mu 2008. Kumeneko masewero amatha m'maola atatu ndipo kufuula n'gawo la malonda. Owulutsa omwewo amabwera nako ku Test. Ma run 4 a m'mawa wa tsiku loyamba amafuulidwa ngati apambanitsa timu, mawu akuti "zodabwitsa" n'kutha ntchito dzuwa lisanafike pamutu. Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Chinthu chachikuludi chikachitika, monga mmene Ben Stokes anapezera 135 ku Headingley mu 2019, iye ndi Jack Leach n'kuwonjezera ma run 76 pa wicket yomaliza kuti England ipambane, mawu ayenera kukhala ndi kokwera. Amene wakhala akufuula kuyambira tsiku loyamba amakhala kuti wafika kale pamapeto.

Masewero omwewo a ku Headingley akutiphunzitsanso za DRS, njira yopempha kuti chigamulo cha woyimbira chionedwenso pa kanema. Australia inawononga mwayi wake womaliza podandaula za LBW (kutchinga ndi mwendo mpira wopita ku ma stump) ya Leach, pa mpira umene unagwera kunja kwa leg stump, stump ya kumbali ya miyendo. Over yotsatira, England ikufuna ma run 2, mpira wa Lyon unamenya mwendo wa Stokes, woyimbira n'kukana, makina n'kuonetsa kuti mpira ukanagunda ma stump, koma mwayi wodandaula unali utatha. Kuchuluka kwa mwayi umene timu iliyonse yatsala nawo n'chinthu choti chizitchulidwa nthawi iliyonse kaputeni akamaganiza, m'masekondi 15 amene amapatsidwa. Kanema wakhala akuthandiza oyimbira kuyambira 1992 ku Durban, pamene Sachin Tendulkar anakhala woyamba kutulutsidwa ndi woyimbira wachitatu, ndipo DRS inayesedwa mu 2008 n'kukhazikitsidwa mu 2009. Patha zaka zonsezi, komabe ena amafotokoza molakwika.

Ndondomeko ya LBW ili ndi masitepe ake. Choyamba amaona ngati phazi la woponya silinadumphe mzere. Kenako amamvetsera pa UltraEdge, makina omvera kugunda kwa mpira, ngati mpira unakhudza bat usanafike pamwendo. Pomaliza makina otsata mpira amayankha mafunso atatu: unagwera pati, unamenya mwendo uli pati, ndipo ukanagunda ma stump kapena ayi. Mpira wogwera kunja kwa leg stump sungatulutse munthu, ngakhale ukanazula stump yapakati. Womenyedwa kunja kwa off stump amapulumuka ngati amayesa kumenya mpirawo, koma osati ngati anangoika mwendo. Ndipo ngati mbali ya mpira yogunda ma stump ndi yosafika theka, chigamulo cha woyimbira wa m'bwalo chimakhala chomwecho, chifukwa gawo lomalizalo makina amangolosera, mpirawo sunapiteko. Wowulutsa afotokoze zimenezi modekha, asiye kunena kuti makina asokonekera pamene mipira iwiri yofanana yapatsidwa zigamulo zosiyana. Koposa zonse, woyimbira wachitatu akamalankhula, popeza masiku ano mawu ake timawamva, ena onse atseke pakamwa. Pa mpira wogwidwa pafupi ndi nthaka, atichenjeze kuti kamera yojambula kuchokera kutali imapanikiza chithunzi, zala ndi udzu n'kuoneka ngati zili pamodzi, moti ngakhale mpira wogwidwa bwino umaoneka ngati wakhudza pansi.

Pa nkhani zokangana, lamulo libwere kaye, maganizo pambuyo. Alex Carey, wicketkeeper wa Australia, atatulutsa Jonny Bairstow wa England ku Lord's mu 2023, Bairstow atachoka pamzere wake poganiza kuti over yatha, funso loyamba linali lakuti kodi mpira unali utafa (sulinso m'masewero) kapena ayi, ndipo malamulo amene bungwe la MCC limasunga ali ndi yankho lake. Carey anaponya mpirawo atangougwira, ndiye unali usanafe. Za ngati chinali chinthu chaulemu anthu angatsutsane mpaka kalekale, koma wowonera ayambe wadziwa kuti woyimbira sanalakwitse.

Ndani akukhala m'chipindamo? Pafupifupi onse ndi osewera akale, ndipo palibe cholakwika ndi zimenezo ngati aphunzira ntchito yatsopanoyi. Ricky Ponting amatha kunena chimene woponya akukonza chisanachitike. Michael Atherton ndi Nasser Hussain amadzudzula England mosabisa ngakhale onse anaitsogolerapo. Ian Bishop amafika atawerenga za wosewera aliyense, ngakhale wachinyamata wosadziwika. Pommie Mbangwa anasewera ma Test 15 okha ku Zimbabwe, koma amadziwa kutsogolera mawu ndi kupereka mpata kwa mnzake. Kutchuka pabwalo si chiphaso. Tony Cozier wa ku Barbados sanasewerepo Test, koma kwa zaka pafupifupi 50 anali liwu la kiriketi ya West Indies, ndipo Harsha Bhogle wa ku India nayenso sanasewerepo. Phindu la munthu wotere n'lakuti amafunsa katswiri funso limene wowonera akanafunsa. Osewera akale akakhala okhaokha amaiwala kuti zimene kwa iwo n'zodziwikiratu ena sazidziwa, amaitanana maina a m'chipinda chovalira, ndipo amazengereza kudzudzula munthu amene ankasewera naye chaka chatha. Timu yobwera ikakhala Bangladesh, Zimbabwe, Ireland kapena Afghanistan, kusakonzekera kumaonekera poyera: maina kutchulidwa molakwika tsiku lonse, nkhani yonse n'kukhala ya timu yapakhomo, ngakhale pamene alendo ndi amene akusewera bwino.

Kukondera kuli ndi muzu wake m'ndalama. M'maiko ambiri bungwe la kiriketi la dzikolo limakhala ndi mawu pa amene awulutse, ndipo munthu sangadzudzule momasuka kasankhidwe ka timu kapena pitch yoipa ngati ntchito yake ya chaka chamawa ili m'manja mwa amene akuwadzudzulawo. Mu 2016 Bhogle anachotsedwa pa gulu la owulutsa IPL popanda chifukwa cholengezedwa, patangopita kanthawi anthu ena otchuka atadandaula kuti owulutsa a ku India amayamikira kwambiri osewera a maiko ena. Owulutsa anzake anaona ndipo anamva. Chithunzi chimodzi chimapita kumaiko onse, choncho mawu akuti "ife" ndi "anyamata athu" sayenera kumveka. Michael Holding wa ku West Indies, amene anapuma pa ntchito yowulutsa mu 2021, ankalemekezedwa chifukwa chonena chimene waona mosayang'ana nkhope, ndipo mvula itaimitsa masewero ku Southampton mu 2020, zimene iye ndi Ebony Rainford-Brent analankhula pa za tsankho zinasonyeza kuti nthawi yopanda mpira ingagwiritsidwe ntchito mwanzeru.

Za malonda ndingonena mwachidule, popeza ndi amene amalipira zonsezi. Vuto ndi pomwe amaikidwa. Mphindi ya pakati pa ma over ndi imene kaputeni amasintha woponya ndi kaimidwe ka bwalo, ndipo ndi yomweyo imene imadyedwa ndi otsatsa, nthawi zina mpaka mpira woyamba kutiphonya. Pobwerera, chiganizo choyamba chikhale cha amene akuponya, mbali imene akuponyera ndi chimene chasintha. Ziwerengero nazo zisankhidwe. Kutiuza kuti uyu ndi wachitatu kupeza ma run akutiakuti pabwalo lino Lachiwiri sikuthandiza aliyense. Kutionetsa kuti pa mipira 30 yapitayi ndi itatu yokha imene ikanagunda ma stump kumafotokoza chifukwa chake omenya akungoisiya, ndi chimene woponya ayenera kusintha.

Tisaiwale wowonera watsopano. Kamodzi pa chigawo chilichonse cha tsiku, m'masekondi 20, wina afotokoze chifukwa chake timu yotsalira ndi ma run 200 ingakakamizidwe kumenyanso nthawi yomweyo, kapena chifukwa chake kaputeni angatseke innings yake anthu ake asanathe. Wodziwa kale sataya kanthu, ndipo wosadziwayo sazimitsa kanema. Ku India masewero amawulutsidwa m'Chihindi, m'Chitamil ndi zinenero zina, ndipo SuperSport inayamba kuwulutsa m'Chixhosa. Kumeneko owulutsa amakakamizika kufotokoza chinthu chenicheni m'malo mobisala kuseri kwa mawu ozolowereka, ndipo a Chingelezi akanaphunzirapo kanthu.

Pempho langa kwa makampani owulutsa ndi lakuti abwerere ku anthu awiri pa maikolofoni nthawi imodzi, wotsogolera ndi katswiri, osinthana ndi ena pakatha theka la ola, ndipo wosewera wakale aliyense asanapatsidwe mpando ayambe waphunzitsidwa n'kumvetsera mawu ake omwe ali limodzi ndi producer, woyang'anira pulogalamu. Atipatsenso mwayi wosankha phokoso la bwalo lokha popanda mawu a owulutsa. Si chinthu chodula. Phokoso limenelo limajambulidwa kale palokha, kuchokera ku maikolofoni a m'ma stump ndi ozungulira bwalo, ndipo ndi limene limatumizidwa kumaiko ena kuti aikepo owulutsa awo. Changotsala n'kuliika pa batani limene owonera amasankhira chinenero.

Ine wanu,
Wokonda kiriketi ya Test